Milimita Imodzi ya Amalume

Phu! Kenaka fungo.

Fyuzi analimva asanaone utsi. Fungo la waya wopsa ndi lina, la mphira ndi lina. Anasiya bokosi la magetsi lili chitsegukire n'kuthamangira ku makina achitatu. Anapeza Ndevu, woyendetsa makinawo, atazimitsa kale. Anali ataima pambali, manja m'chiuno, mano onse pamtunda.

"Asisi, mwasutanso ndudu ina," anatero Ndevu. "Kusuta kotereku mudzadwala nako chifuwa."

A pa makina achiwiri anafa nalo phwete.

Ndudu zake sizinali za fodya. Mufakitale muja ankatchula choncho mahita otenthetsa zikombole. Tindodo tachitsulo, kutalika ngati cholembera, kunenepa ngati chala, mawaya awiri akutuluka kumchira. Hita amailowetsa m'bowo la m'mbali mwa chikombole. Ikayaka, chikombole chimatentha, mphira imapsa, masoli a nsapato n'kutuluka. Ikafa, ngodya imodzi imazizira, ndipo soli imatuluka yosapsa, yomata ngati chingamu.

Iyi inali yachisanu ndi chimodzi kufa m'miyezi itatu. Ndipo miyezi itatu ndiyo imene Fyuzi anali atagwira ntchito yamagetsi pafakitalepo.

Kapitawo anatulukira akupukuta m'manja ndi kansanza.

"Iwe, ndinati chiyani sabata yatha?"

"Munati ikapsanso ina..."

"Ndiye yapsa kapena sinapse?"

"Yapsa."

"Basi, tiye kwa abwana. Ukafotokoze wekha. Ine malovu anatha."

Abwana sankakalipa. N'chifukwa chake ankaopsa. Anali ndi soli yosapsa patebulo. Anaidina ndi chala. Dzenje la chalacho linatsala pomwepo.

"Mayi, masoli awa ndi a nsapato za ana asukulu. Lole ikubwera Lachisanu masana. Lero ndi Lachiwiri."

"Mawaya ali bwino, bwana. Ndayeza katatu."

"Wamagetsi wakale ankasintha hita kamodzi pachaka. Ine magetsi sindiwadziwa. Koma maso ndili nawo." Anakankhira soliyo pambali. "Kusitolo ya fakitale kwatsala mahita anayi. Katengeni. Ikapsa imodzi, kapena lole ikabwerera yopanda kanthu, tisiyane bwinobwino. Ndinakulembani chifukwa cha mawu a amalume anu. Sindifuna kuwachititsa manyazi. Koma fakitale si ya pachibale."

Fyuzi anatuluka.

Kuchotsedwa ntchito sikunali kwachilendo kwa iye. Kuchoka yekha n'kumene ankakudziwa kwambiri. Anagwirapo kuhotela, kuchigayo, kukampani yomanga nyumba, m'matauni anayi osiyana. Chikwama chake cha zida chinkadziwa madepoti kuposa nyumba. Dzina la Fyuzi anamupatsa pano sabata yoyamba, atalalatira munthu amene anagwira mita yake yoyezera magetsi osapempha. Sachedwa kupsa, anatero anthu. Koma ulendo uno sankafuna kuchoka. Mwana wake wamkazi anali atayamba sukulu. Anali atapeza mnzake wokhala naye padesiki, ndipo dzina la mnzakeyo linkatchulidwa m'nyumba tsiku lililonse. Kulongedzanso katundu? Ayi.

Anabwerera ku makina achitatu. Anayeza mphamvu ya magetsi. Yokwana. Anatsata waya uliwonse kuchokera m'bokosi mpaka kumchira kwa hita. Palibe wosupuka, palibe wogwedera. Anayeza kachipangizo koyang'anira kutentha. Kanali bwino.

Anaima kaye. Kenaka analunjika kumgolo wa zitsulo zotaya, kuseri kwa chitseko chachikulu, n'kuukhuthulira pansi.

"Eee, asisi!" anakuwa Ndevu. "Mwayamba kale kutola zitsulo? Dikirani kaye akuchotseni!"

"Bwera udzalowe iwe mumgolomu. Ndiwe chitsulo chotha."

Ndudu zakufa zija anazipeza zonse zisanu. Yachisanu ndi chimodzi anaisolola m'chikombole. Anazindanditsa pabenchi, pafupi ndi zenera. Zonse zinali zakuda, pena zabuluu, zotupa pakati. Ankazitembenuza imodzi imodzi. Ndipo anaona. Iliyonse inali ndi kamzere koyera, kowongoka, kuchokera kumutu mpaka kumchira. Kamzere kamodzi. Mbali imodzi yokha.

Anatenga imodzi n'kubwerera nayo kuchikombole, chimene tsopano chinali chitazizira. Anailowetsa m'bowo. Inalowa yokha, osaikankha. Anagwira kumchira n'kugwedeza.

Gwede. Gwede.

Nthawi yopuma itakwana ndipo makina achiwiri atazima, anapita kuchikombole chakale cha kumeneko. Anagwira mchira wa hita ndi pulaya. Sinasunthe. Inali ngati inabadwira momwemo.

Anatulutsa choyezera m'thumba la ovololo. Hita inali mamilimita khumi ndi awiri. Bowo la m'chikombole cha makina achitatu linali khumi ndi atatu.

Anakhala pansi pa bokosi la zida. Zinamveka tsopano. Hita imapereka moto wake pomwe chitsulo chakhudza chitsulo. Kamzere koyera kaja ndi pomwe inkagonera pansi pa bowo. Kwina konse kunali mpweya, ndipo mpweya ndi bulangete. Moto unkasowa kolowera. Hita inkadziphika yokha mpaka kufa.

Anafuna kukuwa. Anafuna kuthamangira kuofesi choyezera chili m'mwamba. Anadzuka. Kenaka anakhalanso pansi.

Chikombole chimenecho chinali chatsopano. Chinafika sabata yomwe iye anayamba ntchito. Ndipo chitsulo chatsopano chikafika pafakitalepo, chinkayamba chadutsa m'manja mwa munthu mmodzi.

Amalume ake anali ndi kachipinda kawo kumapeto kwa fakitale, momwe munali makina osemera ndi oboolera zitsulo. Zaka makumi atatu ndi ziwiri m'kachipinda komweko. Anthu ankati mdala uja sanatayepo chitsulo chifukwa cholakwitsa muyeso. Chaka chimodzi chinali chitawatsalira kuti apume. Ndiwo anamutenga Fyuzi pageti, mapepala ake ali m'manja mwawo, n'kukamuimika pamaso pa abwana.

Anawapeza akumwa tiyi, mandala ali pamphumi.

"Odi, amalume."

"Lowa. Ndamva kale. Nkhani pano imathamanga kuposa magetsi ako. Usadandaule, ndikalankhula nawo abwana."

"Amalume, chikombole cha makina achitatu chitabwera, munachigwirako?"

"Chilipo chitsulo chimene chimalowa muno osandipatsa moni?"

"Mabowo a mahita aja..."

"Aa, amene aja! Anabwera othina. Opanga zikombole a masiku ano saganiza za munthu wodzachotsa. Ndinawamasula. Milimita imodzi basi." Anamwetulira. "Sukuona mmene ndudu zimalowera, ngati dzanja m'thumba? Ndinachitira iwe, mwana wa mlongo wanga. Ndinati mwanayu akubwera, asadzavutike ndi hamala ngati ine."

Fyuzi anayang'ana pansi. Akanakonda akanati anachita mwangozi.

"Amalume, milimita imeneyo ndi imene ikuzipha."

Kapu inatera pabenchi pang'onopang'ono.

"Bwereza."

"Zikugwedera. Sizikukhudza chitsulo. Moto ukutsalira m'kati, ndiye..."

"Iwe." Anatsitsa mandala n'kumuyang'ana bwinobwino. "Ndinayamba kusema chitsulo mayi ako akusewera fulaye. Lero undiphunzitse bowo?" Anatukula dzanja lamanja. Chala chachikulu chinali chopindika, chikhadabo chake chatheka. "Ukuchiona ichi? Hita inakanirira m'bowo lothina. Masiku awiri ndikumenya. Tsiku lachitatu hamala inaphonya. Galu wamkota sakandira pachabe. Pita ukayang'ane mawaya ako."

Fyuzi anapsa mtima. Akanakhala wina, bwenzi atamutsuka m'makutu. Koma awa ndi amene anamugwiritsa pulaya koyamba ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anameza mawu. Anatuluka.

M'minibasi madzulo, atapanikizika pakati pa thumba la makala ndi mayi wonenepa, nkhaniyo ankaitembenuza ngati ndudu zakufa zija. Kupita kwa abwana ndi choyezera? Ntchito ipulumuka. Mdala atuluka pafakitale mutu uli pansi, zaka makumi atatu zitathera pa milimita imodzi. Kukhala chete? Aika zinayi zotsalazo n'kumapemphera. Mwina zifika Lachisanu. Sabata yamawa, phu. Njira zonse zinali ndi minga. Kondakitala anachita kumugwedeza paphewa, atapitirira kale potsikira pake.

Lachitatu anafika geti likungotsegulidwa. Anatenga mahita anayi kusitolo. Awiri anatsekera m'bokosi la zida. Awiri anaika m'thumba. Anatola zidutswa ziwiri za chitsulo, zofanana, zazikulu ngati njerwa, n'kukazigwetsa pabenchi la amalume.

"Sindinabwere kudzatsutsana, amalume. Ndabwera kudzapempha mabowo awiri. Limodzi lanu, la khumi ndi atatu. Limodzi langa, la khumi ndi awiri. Chitsulo chiweruze."

Amalume anayang'ana zidutswazo. Anayang'ana mahita.

"Ndudu zimenezo si zotsala zija?"

"Ndi zomwezo."

"Ikapsa imodzi?"

"Ndapita. Koma mulimonsemo ndikupita."

"Ukaluza?"

"Ndipepesa pamaso pa fakitale yonse. Kenaka ndilongedza zida."

"Ndikaluza ine?"

"Muno tili awiri. Chitseko chimatsekeka."

Mdala anaguguda pakhosi. "Mtima wa mayi ako weniweni. Bweretsa kuno."

Bowo lawo anaboola mofulumira, ngati munthu akusayina dzina lake. La Fyuzi anatenga nalo nthawi. Anaboola, anasalaza, anayeza, anasalazanso. Ankaboola bowo loti liwatsutse, koma dzanja lawo silinkadziwa kuboola moipa. Hita itafika pakamwa pa bowolo inakana kaye. Fyuzi anaikankha ndi chikhatho. Inalowa pang'onopang'ono, mpweya ukutuluka m'mbali, fwii.

Analumikiza mawaya. Anatseka chitseko. Anayatsa.

Anadikira. Kunja makina oyamba ankagunda. Amalume ankayang'ana wotchi ya pakhoma ngati ili ndi mlandu.

Patatha mphindi zisanu, Fyuzi anaviika chala m'kapu ya madzi n'kudonthezera pa chitsulo chake. Tswee! Dontho linavina n'kusowa. Anadonthezera pa cha amalume. Dontho linakhala phee, likungofuka pang'ono.

"Changa n'chaulesi chabe," anatero mdala. "Chifika."

Fyuzi anazimitsa magetsi. Anazimitsanso babu la m'chipindamo. Anagwira mchira wa hita ya amalume ndi pulaya n'kusolola.

Inatuluka ili psuu, ngati khala la moto. Inawalitsa nkhope zawo zonse ziwiri. Kufiirako kunazilala pang'onopang'ono, n'kusiya chitsulo chakuda, chabuluu. Mbali imodzi kunali kamzere koyera.

Amalume anavula mandala. Anawapukuta ndi malaya. Anawavalanso.

"Mphindi zisanu zokha," anatero Fyuzi, motsitsa mawu. "M'makina imakhala choncho tsiku lonse."

"Ndaona. Maso ndili nawo." Kenaka analoza chitsulo chinacho ndi chibwano. "Tulutsa yako."

Fyuzi anagwira ndi pulaya. Anakoka. Sinasunthe. Anapotoza. Ayi. Anaponda benchi ndi phazi n'kukoka ndi manja awiri. Chitsulo chonse chinabwera, hita ili momwemo.

Mdala anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Eya! Koka, namkungwi wa mabowo! Koka! Ndikubwereke hamala? Chala choti uphwanye uli nacho?"

"Ikazizira ituluka."

"Lero ituluka. Ikakhalamo chaka, dzimbiri litalowa? Udzaitana mayi ako."

Fyuzi anasiya pulaya. Sanaganizepo za tsiku lochotsa. Onse awiri anayang'ana chitsulocho. Bowo lomasuka linkapha hita. Bowo lothina linkaimanga.

Chitsulo chitazizira, amalume anachinyamula. Anachitembenuza. Anayang'ana kumbuyo kwake, kosalala, kopanda bowo. Anagogodapo ndi chala chopindika chija. Anagogodanso. Kenaka anatenga choyezera, anaika kachizindikiro, n'kusankha choboolera chaching'ono ngati msomali.

"Mukutani, amalume?"

"Khala chete. Ndikuganiza."

Anaboola kuchokera kumbuyo, mosamala, n'kuima pomwe muyeso unawauza. Analowetsa kandodo kachitsulo m'kabowoko. Anatenga hamala yaing'ono. Kho!

Hita inatulukira kutsogolo n'kugubuduzika pabenchi. Yoyera. Yonyezimira ngati sinalawepo moto.

Mdala anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana chala chawo.

"Kabowo aka," anatero. "Kabowo ka mphindi imodzi. Masiku atatu ndinkamenya kutsogolo, khomo lili kumbuyo."

"Amalume, mwaitha!"

"Usandinyengerere. Taitha." Anaguguda pakhosi. "Tsono chikombole chija."

Chimwemwe cha Fyuzi chinazima. "Bowo likakula silibwerera. Madzi akatayika saoleka."

"Madzi ndiwo saoleka. Chitsulo chimaoleka." Maso awo anali atayamba kuyaka. "Ndiwakuzanso mabowo onse anayi. Ndisema timapaipi tamkuwa, ndikhomeremo zolimba. M'kati mwake ndiboola khumi ndi awiri wako uja. Kumbuyo, kabowo kanga. Koma chikombole chitsike. Chibwere pabenchi pano."

Kapitawo atamva, anaponya kansanza kake pansi.

"Mwapenga nonse awiri? Lole ikubwera mkuja, inu mukufuna kumasula chikombole? Iwe, ika ndudu zako, makina ayende!"

"Ndikaika zipsanso."

"Zipse Loweruka! Ine ndikufuna Lachisanu!"

"Akapitawo," anatero amalume. "Ndi liti ndinakupemphani chitsulo popanda chifukwa?"

Ndevu anali atayamba kale kukoka tcheni chonyamulira zitsulo.

"Ine sindikudziwa chikuchitika," anatero Ndevu, "koma mdala akayaka maso chonchi, ndimangokoka."

Chikombole chili lende m'malere, abwana anatulukira. Phokoso linatha lokha.

"Ndani wanena kuti chikombole chitsike?"

"Ndine, bwana," anatero Fyuzi. "Vuto si mawaya. Ndi mabowo. Ndi aakulu. Mwina opanga chikombole..."

"Usanamizire anthu ali kutali."

Amalume anabwera kutsogolo. M'dzanja lililonse anali ndi hita, yakuda ndi yoyera. Anaziika pa mgolo pamaso pa abwana.

"Zonsezi zayaka mphindi zisanu m'mawa uno. Yoyerayi inali m'bowo la mwanayu. Yakudayi inali m'bowo langa. Mabowo a chikombole ichi ndinakuza ndine, bwana. Ndinkayesa ndikuthandiza. Nkhuyu ndinadya ine, koma zikupota mwana."

Wina pa makina oyamba anazimitsa mota kuti amve bwino.

Abwana anatola hita yakuda. Anaitembenuza. Anatsata kamzere koyera ndi chikhadabo.

"Anapeza ndani zimenezi?"

"Iyeyu. Ndi maso ake, mumgolo wa zinyalala. Ine ndinamuthamangitsa dzulo."

Abwana anayang'ana Fyuzi. Anayang'ana mdala. Anayang'ana chikombole chikulendewera pa tcheni.

"Yakudayi igwirabe ntchito?"

"Sinafe, bwana," anatero Fyuzi. "Ndaiyeza. Ikapeza nyumba yabwino ikhala."

"Mawa masana ndikufuna kugwira soli." Anatembenuka. Pakhomo la ofesi anaima. "Akapitawo, apatseni chilichonse chimene apemphe."

Tsiku lonselo kachipinda kaja kanalira. Amalume ankasema mkuwa, nyenyeswa zagolide zikugwera pansapato. Fyuzi ankayeza. Ankapukuta mabowo, n'kuyezanso. Kapaipi koyamba kanalowa ndi nkhonya zitatu za hamala. Kachiwiri kanakana. Mdala anakabweza pamakina, anachotsako kafumbi chabe, kanalowa.

"Bwanji osangokamasula pang'ono?" anatero Fyuzi. "Milimita imodzi basi."

"Iwe, ndikumenya ndi sipanala."

Ndevu ankasuzumira pakhomo ola lililonse. "Odwala ali bwanji?"

"Achira. Chokapo, ukutseka kuwala."

Lachinayi, nthawi ya tiyi isanakwane, chikombole chinakwera. Fyuzi analowetsa mahita anayi, iliyonse ndi chikhatho, iliyonse ndi kafwii kake. Anamanga mawaya. Anayeza kawiri. Anapukuta manja pa ovololo.

"Yatsa," anatero amalume.

Anayatsa.

Anthu anasonkhana osaitanidwa. Onse maso pa kagalasi koonetsa kutentha. Masiku onse chikombole chimenecho chinkatenga ola lathunthu kuti chifike. Ndevu ankatha kupita kuchimbudzi, kucheza ndi wa pageti, n'kubwerako chisanafike. Lero manambala ankakwera ngati akuthawa galu.

"Asisi, mwaika chiyani umu?" anatero Ndevu. "Tsabola?"

Mphindi makumi awiri ndi ziwiri. Nyali yobiriwira inayaka.

Ndevu anayala mphira m'zibowo zinayi za chikombole. Anatseka. Makina anapanikiza, anabuula. Anadikira. Fyuzi ankanunkhiza mpweya. Mphira yokha. Mphira yokha basi.

Makina anatseguka. Nthunzi inakwera. Ndevu anakoka masoli ndi ngowe yake n'kuwaponya patebulo. Anayi. Akuda bii, osalala, mizere ya pansi yooneka ngati yojambula. Ngakhale ya pangodya yakumanzere, ngodya imene inkatulutsa chingamu miyezi itatu.

Abwana anadikira kuti azizire. Anasankha ya pangodya yomweyo. Anaidina ndi chala. Anadinanso, mwamphamvu. Anaipinda pakati n'kuisiya. Inadziwongola yokha, thwa!

"Pitirizani," anatero.

Fakitale inaphulika. Wina anamenya mgolo ndi sipanala. Amayi odula m'mbali mwa masoli analulutira. Ndevu anatukula soli m'mwamba n'kuvina nayo mozungulira makina.

"Asisi asiya kusuta! Uzani onse! Asisi asiya fodya!"

Fyuzi anaseka. Anaseka mpaka misozi. Anafuna kuwapeza amalume m'gulumo, koma anali atabwerera kale kukachipinda kawo. Ankasesa nyenyeswa za mkuwa.

Makina achitatu sanaimenso. Popeza chikombole chinkatentha msanga ndipo soli yotaya panalibe, zimene anataya Lachitatu anazibweza Lachisanu m'mawa. Lole inafika masana. Inachoka matayala akumbuyo ataphwatalala ndi katundu.

Fyuzi ankapinda mawaya pamene kapitawo anaima pambali pake. Anakanda m'mutu. Anayang'ana kudenga.

"Mayi wamagetsi. Abwana akuti Lolemba mupite kuofesi mukasayine. Ntchito yokhazikika." Anatsokomola. "Komanso makina oyamba akulira modabwitsa. Mukapeza mpata."

"Ndikapeza mpata, akapitawo."

Lolemba anasayina. Potuluka muofesi anapeza amalume akumudikira, makiyi ali m'manja.

"Tiye."

Anamutengera kuchipinda chosungira katundu, kuseri kwa sitolo. Anatsegula loko. Anayatsa babu. Pa mashelefu achitsulo panali zinthu zazikulu zofundidwa ndi lona. Mdala anakoka lonayo. Zikombole. Zatsopano, zopaka mafuta, zonyezimira.

"Za masitayilo a chaka chamawa," anatero. "Zinafika mwezi watha. Sizinakwerepo pamakina."

Fyuzi anayang'ana mabowo a m'mbali. Nawonso anali atamasulidwa. Anayang'ana amalume. Amalume ankayang'ana makiyi.

"Amalume. Ndi zingati?"

"Ndinali ndi mpata sabata imeneyo."

"Ndi zingati?"

"Seveni."

"Seveni!"

"Usakuwe, iwe. Anthu amva." Anapinda manja a malaya. "Mkuwa ndaitanitsa kale. Katenge choyezera chako, tiyambe ndi cha pansichi."